Chifukwa chake mpira wa bowling umasiya kukwana dzanja munthu akamakula

Pakati pa Amalawi okhala mu Johannesburg muno, masewera a bowling salinso achilendo monga analili kale. Ena anayamba pamene anzawo a kuntchito anawatengera kumalo osewerera omwe amapezeka m'misika ikuluikulu ya mumzindawu, ena anayamba poperekeza ana, ndipo alipo amene analowa m'maligi nagula mipira yawoyawo. Mwa amene asewera kwa zaka zambiri, funso limodzi likumveka kawirikawiri: zimatheka bwanji kuti mpira umene unabooledwa motsatira muyeso wa dzanja la mwiniwake, ndipo unkamukwana bwino lomwe, lero uzimupweteka chala chachikulu kapena kumupulumuka nthawi isanakwane? Ena amaganiza kuti mpirawo wawonongeka, ena amangoti ndi ukalamba basi, nthawi yosiya yakwana. Nthawi zambiri nkhani imakhala pa dzanja. Mabowo a mpira amasunga muyeso wa dzanja monga linalili tsiku limene linayezedwa, pamene dzanjalo limapitiriza kusintha moyo wonse.

Masewera amene akunenedwa pano ndi tenpin bowling, oseweredwa m'nyumba, omwe munthu amagubuduza mpira wolemera pa njira yosalala yotalika mamita opitirira pang'ono 18 kuti agwetse mapini 10 oimikidwa kumapeto kwake. Si masewera aja a bowls oseweredwa pa kapinga m'makalabu ambiri a muno mu South Africa, chifukwa mipira ya pa kapinga ndi yaing'ono ndipo ilibe mabowo olowetsamo zala.

Zimene woboola mipira amayeza

Mpira wa tenpin suloledwa kupitirira mapaundi 16, omwe ndi makilogalamu 7.26, ndipo kaya ndi wopepuka kapena wolemera, kukula kwake ndi kumodzimodzi, pafupifupi masentimita 22 kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Mipira imene imakhala pa mashelefu a malo osewerera, yoti aliyense angotenga, inabooledwa mabowo aakulu kuti ilandire manja ambiri, motero palibe dzanja limene imalikwana bwinobwino. Munthu akagula wakewake amaugula wopanda mabowo, n'kupita nawo ku pro shop, kasitolo ka zipangizo za masewerawa komwe woboola mipira amayeza dzanja asanaboole mabowo atatu: la chala chachikulu, la chala chapakati ndi la chala chovala mphete.

Kagwiridwe ka mpira kali mitundu iwiri ikuluikulu. Pa kagwiridwe ka conventional, zala ziwiri zija zimalowa mpaka pa mfundo yachiwiri, ndipo mpira umakhala wogwirika zolimba. Umu ndi mmene ambiri amayambira. Pa kagwiridwe ka fingertip, zalazo zimalowa mpaka pa mfundo yoyamba yokha, ija yoyandikana ndi chikhadabo, zomwe zimapatsa zala mpata wozunguza mpira kwambiri pamene ukuchoka m'dzanja kuti ukakhote pofika ku mapini. Pa mitundu yonse iwiri chala chachikulu chimalowa chonse, ndipo ndicho chimayamba kutuluka, zala zinazo n'kutsatira kamphindi kochepa zedi pambuyo pake.

Poyeza, woboola amafuna zinthu zitatu. Choyamba ndi kukula ndi maonekedwe a bowo lililonse. Chachiwiri ndi span, kutanthauza mtunda wochoka m'mphepete mwa bowo la chala chachikulu kufika m'mphepete mwa mabowo a zala zinazo, ndipo ndiwo umanena kuti dzanja litambasuka motani pamwamba pa mpira. Chachitatu, chimene osewera ambiri sachidziwa ngakhale atasewera zaka, ndi pitch, kapendekedwe ka bowo m'kati mwa mpira. Bowo lolunjika pakatikati penipeni pa mpira lilibe pitch. Likapendekera kumene kuli chikhatho amati forward pitch, ndipo chala chimayenera kupindika kwambiri, n'kuchedwa kutuluka. Likapendekera kutali ndi chikhatho amati reverse pitch, ndipo chala chimakhala choongokerapo, n'kutuluka msanga. Bowo likhozanso kupendekera kumanja kapena kumanzere, motsatira mmene chala cha munthuyo chinakhalira.

Miyeso yonseyi imawerengedwa m'tizigawo ta inchi. Kusintha span ndi 1/16 ya inchi ndi kusuntha mamilimita 1.6 okha, ndipo kukula kwa mabowo kumasiyana ndi tizigawo tochepa kuposa pamenepo. Wina angadabwe kuti kusiyana kotere kungavutitse bwanji munthu wamkulu, koma tiwerengere ntchito imene dzanja limagwira. Pa usiku wa ligi wa magemu atatu munthu amaponya mpira ka 50 kapena 60, ndipo ngati mpirawo ndi wa mapaundi 15, omwe ndi makilogalamu 6.8, kuponya ka 60 ndiye kuti zala zitatu zanyamula ndi kumasula makilogalamu oposa 400. Kulakwika kwa milimita imodzi kumabwerezedwa pa kuponya kulikonse, sabata ndi sabata. Chofunika kukumbukira pa nkhani yonseyi n'chakuti mpira wokwana bwino sufuna kufinyidwa: umakhala m'dzanja chifukwa mabowo akugwirizana ndi zala, ndipo umachoka wokha nthawi yake ikafika.

Ubwana ndi zaka za mphamvu

Kwa ana nkhani yake ndi yosavuta kuimvetsa. Dzanja likukula, choncho span imafupika ndipo mabowo amathina, makamaka pa zaka zija mwana amatalika mofulumira akamatha msinkhu. Mwana wosewera kawirikawiri amafunika kuyezedwanso chaka chilichonse, nthawi zina kawiri. Aphunzitsi ambiri amayambitsa ana ndi kagwiridwe ka conventional ndi mpira wopepuka, potsatira lamulo la pakamwa lakuti mpira ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi la wosewerayo. Makolo ena amafuna kuti span ibooledwe yaitali kuti mwana adzakuliremo, pofuna kusunga ndalama, koma zimenezi zimamuphunzitsa kufinya mpira ndi kukoka zala zomwe mafupa ake sanakhwime.

Munthu akafika zaka za m'ma 20 mafupa a dzanja amakhala atasiya kutalika, ndipo kwa nthawi yaitali muyeso umakhazikika. Chimene chimasintha pa zaka zimenezi ndi mnofu ndi khungu. Kunenepa kapena kuonda kumaonekera m'zala, makamaka chala chachikulu. Ntchito nayo imaumba dzanja: amene amagwira ntchito ya zomangamanga, ya m'munda kapena yochapa tsiku ndi tsiku amakhala ndi khungu lokhuthala ndi zala zolimba kusiyana ndi amene amakhala pa kompyuta, ndipo akasintha ntchito dzanja limasinthanso. Amayi oyembekezera nthawi zambiri zala zimawatupa kwa miyezi ingapo. Ngakhale nyengo ya mzinda uno ili ndi mbali yake, popeza m'miyezi ya June ndi July, pamene kumazizira ndi kuuma, zala zimachepa ndipo mpira umakhala wokhwepa, pamene m'chilimwe cha kutentha ndi mvula zala zimafufuma. Kusintha kotere ndi kwa kanthawi, ndipo osewera amakuthetsa ndi tepi yomata m'kati mwa bowo la chala chachikulu, kuwonjezera chala chikachepa ndi kuchotsa chikatupa.

Pamene mfundo ziyamba kuuma

Kusintha kwenikweni kumabwera pang'onopang'ono munthu akadutsa zaka 50, ngakhale kuti ena amakumva msanga ndipo ena mochedwa. Kumapeto kwa mafupa a m'mfundo kuli chicherewecherewe chosalala chimene chimathandiza kuti mafupawo aziyenda osakhulana. Chikayamba kutha, mfundo imauma, imapweteka, ndipo fupa limamera timabampu m'mbali mwake. Imeneyi ndi nyamakazi ya mtundu wa osteoarthritis, ndipo m'dzanja imakonda malo atatu: mfundo yoyandikana ndi chikhadabo, mfundo yapakati pa chala, ndi patsinde pa chala chachikulu pomwe chimakumana ndi mafupa a polumikizira dzanja ndi mkono. Imagwira amayi kwambiri kuposa abambo, makamaka akasiya kusamba. Wosewera bowling ayenera kuona kuti malo atatuwa ndi omwewo amene mpira umadalira: mfundo yoyamba ndiyo imanyamula mpira pa kagwiridwe ka fingertip, yachiwiri pa conventional, ndipo tsinde la chala chachikulu limagwira ntchito pa mitundu yonse.

Zotsatira zake pa span ndi zimene zimasokoneza anthu ambiri. Mafupa sanafupike, ndipo munthu akaika dzanja pa tebulo limaoneka lalitali monga kale. Koma span siyeza kutalika kwa mafupa kokha. Imayeza mmene dzanja lingatambasukire momasuka pamwamba pa chinthu chobulungira. Mfundo zikauma, minyewa ndi khungu la pakati pa chala chachikulu ndi cholozera zikasiya kutamuka, dzanja silifikanso pomwe linkafika popanda kulikakamiza. Span imene inali yoyenera pa zaka 35 imasanduka yaitali pa zaka 60. N'chifukwa chake oboola mipira kawirikawiri amafupikitsa span ya okalamba, mwina ndi 1/16 kapena 1/8 ya inchi, nthawi zina kuposerapo.

Pitch nayo imasintha pa chifukwa chomwecho. Chala chimene sichipindikanso bwino pa mfundo yoyamba sichingakhale momasuka m'bowo lofuna kuti chipindike kwambiri, choncho mabowo a zala amapatsidwa reverse pitch yochulukirapo kuti chala chilowe chili choongokerapo. Nyamakazi ikakhotetsa nsonga ya chala kupita kumbali, monga imachitira nthawi zambiri, bowo liyenera kupendekera kumbali komweko m'malo moumiriza chala kuti chiongoke. Zala ziwirizi sizikalamba mofanana, ndipo si zachilendo kupeza mpira umene bowo la chala chapakati ndi la chala chovala mphete ali ndi miyeso yosiyana kwambiri. Ambiri amaika ma insert, timachubu tofewa tolowetsedwa m'mabowo a zala, ndipo timeneti timachepetsa kukhula pa khungu la okalamba lomwe limakhala lopyapyala ndi louma. Koma nato timatha ndi kukula m'kati tikamagwiritsidwa ntchito, kotero kuti nthawi zina mpira umene ukuoneka kuti wasiya kukwana umangofuna ma insert atsopano.

Palinso matenda ena a m'dzanja omwe amachuluka ndi zaka. Alipo amene chala chimakakamira chikapindika, n'kuongoka mwadzidzidzi ngati chathyoka. Madokotala amati trigger finger, ndipo amapezeka kwambiri mwa odwala matenda a shuga. Alipo a Dupuytren, pomwe mnofu wa pansi pa khungu la chikhatho umakhuthala n'kukokera chala chovala mphete ndi chaching'ono m'kati. Alipo a carpal tunnel, pomwe mtsempha wodutsa polumikizira dzanja ndi mkono umapanikizika, zala n'kumachita dzanzi makamaka usiku. Onsewa amasintha kagwiridwe ka mpira, ndipo kuboolanso mpira kungachepetse ululu posewera, koma sikuchiza matendawo.

Vuto lalikulu ndi chala chachikulu

Bowo la chala chachikulu ndilo lovuta kwambiri kulikonza, chifukwa likufunika kuchita zinthu ziwiri zotsutsana: kugwira chala pamene mkono ukupita kumbuyo ndi kubwerera, ndiponso kuchimasula mosachedwa mpira ukafika pansi. Amene anavalapo mphete ya ukwati kwa zaka zambiri amadziwa vuto lake. Mfundo ikakula, mphete imavuta kudutsa pamfundopo, koma ikadutsa imazungulira momasuka patsinde pa chala. Bowo la mpira limachita chimodzimodzi. Likakulitsidwa kuti mfundo yotupa idutse, limakhala lokhwepa patsinde, ndipo wosewera amayamba kupinda chala m'kati mwa bowo kuti mpira usagwe. Kupindako kumatukula mfundo ija, n'kuikhulitsa kumbuyo kwa bowo, chala n'kutupa kwambiri, kenaka n'kukakamira potuluka. Munthu amaona ngati bowo lachepa, n'kukalikulitsanso, ndipo vuto limakula.

Oboola odziwa ntchito yawo sathamangira kukulitsa bowo. Chala chachikulu si chobulungira, n'chophwatalala pang'ono, choncho amasema bowo kuti litsatire maonekedwe ake. Amasalaza m'mphepete mwa bowo pomwe tsinde la chala limatsamira. Amasintha pitch: munthu amene mphamvu zofinyira zachepa, ndipo span yake yafupikitsidwa, kawirikawiri amathandizidwa ndi bowo lopendekera pang'ono ku forward kuti mpira uzikhala pa chala popanda kuufinya, pamene amene tsinde la chala chake lauma mwina amafuna kupendekera kwina. Palibe muyeso umodzi wa okalamba onse. Ambiri amaikanso slug, kachidutswa kolimba kolowetsedwa mu mpira komwe bowo la chala chachikulu limabooledwamo, ndipo makampani monga Turbo ndi Vise amapanga ma slug ochotseka, oti munthu akhale ndi awiri kapena atatu osiyana kukula, n'kumasintha malinga ndi mmene chala chatupira tsikulo. Kwa munthu amene chala chake chimasintha kukula pakati pa gemu yoyamba ndi yachitatu, njira imeneyi imathandiza kwambiri.

Chinthu chimodzi sichiyenera kupiriridwa. M'mbali mwa chala chachikulu, kumbali yoyang'ana chala cholozera, mumadutsa kamtsempha kamene kamapereka kumva ku nsonga ya chalacho. Mphepete ya bowo ikamakakanikiza mobwerezabwereza, kamakhuthala n'kupanga kachotupa kopweteka, ndipo chala chimachita dzanzi kapena kumva ngati chagwidwa ndi magetsi. Vutoli limadziwika bwino kwa madokotala a manja mpaka analipatsa dzina lakuti bowler's thumb. Likaoneka msanga, kupumula ndi kukonza bowo nthawi zambiri kumakwanira; likanyalanyazidwa, ena amafika pochitidwa opaleshoni.

Pomwe osewera amasiyana maganizo

Mphamvu zofinyira za dzanja zimafika pachimake munthu ali m'zaka za m'ma 30, kenaka zimayamba kutsika, ndipo kutsikako kumafulumira akamakalamba. Apa ndi pomwe pamabuka mkangano wa kulemera kwa mpira. Ena amati wokalamba atsike kuchoka pa mapaundi 15 kupita pa 14 kapena 13, chifukwa mpira wopepuka umaponyedwa mwa liwiro labwino ndi molunjika mpaka gemu yomaliza, ndipo phewa ndi msana zimapuma. Ena amati mpira wolemera sukankhidwira kumbali ukagunda mapini, ndipo nthawi zambiri chimene chimachititsa kuti mpira uzimveka wolemera si kulemera kwake koma mabowo osakwana. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo n'zoona kuti mpira wokwana bwino umamveka wopepuka kuposa wa pa shelefu wolemera mofanana. Choncho n'kwanzeru kuyamba wakonza mabowo, n'kuona ngati kutsitsa kulemera kukufunikabe.

Mkangano wina ndi wa kagwiridwe. Pali amene amabwerera ku conventional mfundo yoyamba ikayamba kupweteka, kulolera kuti mpira usamakhote kwambiri. Pali amene amakhalabe pa fingertip koma ndi span yofupikitsidwa ndi pitch yosinthidwa, ndipo pali amene amasankha kagwiridwe ka pakati, pomwe chala chimalowa mpaka pakati pa mfundo ziwirizo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti malamulo a United States Bowling Congress, bungwe loyendetsa masewerawa ku America, amalola mabowo ogwirira mpaka asanu, limodzi pa chala chilichonse cha dzanja limodzi, kotero kuti munthu wa zala zofooka akhoza kuwonjezera bowo la chala cholozera kapena chaching'ono kuti katundu agawike.

Njira ina ndi kusiya chala chachikulu kunja n'kuponya ndi manja awiri. Jason Belmonte wa ku Australia, amene anatchukitsa kaponyedwe kameneka, anapambana mbali ya amuna ya QubicaAMF Bowling World Cup mu 2011 pamene mpikisanowo unachitikira ku Northcliff Bowl muno mu Johannesburg. Kwa munthu wovutika ndi chala chachikulu njirayi ndi yokopa, koma imafuna kuwerama kwambiri ndi kupotoza msana ndi chiuno, ndipo ziwalo zimenezo nazo zimakhala zitakalamba. Wofuna kuiyesa adziwenso kuti kuyambira pa 1 August 2020 malamulo a bungwe la ku America lija salola bowo limene chala sichikulowamo poponya, choncho bowo la chala chachikulu liyenera kutsekedwa. Amene ali mu ligi afunse oyendetsa ligiyo kuti akutsatira malamulo ati.

Kudziwa kuti nthawi yoyezanso yakwana

Dzanja limasonyeza lokha pamene mpira wasiya kulikwana. Matuza kapena khungu lokhakhala patsinde pa chala chachikulu, magazi oundana pansi pa chikhadabo, kupweteka kwa mkono pansi pa chigongono pambuyo pa masewera, mpira kugwa msanga ndi phokoso kapena kukakamira n'kuuluka m'mwamba, zonsezi ndi zizindikiro. Wosewera wa fingertip akhoza kudziyeza yekha mwachidule: alowetse chala chachikulu chonse, agoneke zala ziwirizo pamwamba pa mabowo awo osazikoka, ndipo mphepete ya bowo ya kumbali ya chala chachikulu iyenera kugwera chapakati pa mzere wa mfundo yoyamba ndi wa mfundo yachiwiri. Ikagwera pafupi kwambiri ndi mfundo yoyamba, span yatalika.

Kukonza sikufuna kugula mpira watsopano. Woboola amatseka mabowo akale ndi mankhwala amene amauma n'kulimba, amasalaza pamwamba, n'kuboola ena pa muyeso watsopano, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa mpira wina. Izi zikukhudzanso ambiri a ife amene mpira woyamba tinachita kupatsidwa ndi bwana kapena mnansi, kapena kuugula wogwiritsidwa kale ntchito: mabowo ake ndi muyeso wa dzanja la munthu wina pa msinkhu wake, ndipo ayenera kutsekedwa ndi kubooledwanso. Popita kukayezetsa, ndi bwino kutenga mpira wakale ndi pepala la miyeso yakale ngati lilipo, kuponyako kangapo kaye kuti dzanja lifike pa kukula kwake kwa nthawi yosewera, ndi kumuonetsa woboolayo malo enieni amene akupweteka. Wachikulire wosewera sabata iliyonse angachite bwino kuyezetsa kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse akanenepa kapena kuonda kwambiri, akavulala dzanja, kapena akachitidwa opaleshoni. Koma ngati pali dzanzi losachoka, mfundo yofiira, yotentha ndi yotupa mwadzidzidzi, kapena chala chokakamira, ayambe waonana ndi dokotala kukiliniki, ndipo apite ku pro shop kutupako kutatsika, chifukwa muyeso wotengedwa pa chala chotupa ndi matenda sudzakwana chalacho chikachira.